Ya pa bilu kapena ya m'manja?

Mphwanga amaperekera zakudya pa malo ena odyera pa Kasungu boma, ndipo mwini malowo akuganiza zoyamba kuwonjezera pa bilu service charge, ndalama yothokozera antchito. Nkhaniyi yandisowetsa mtendere.

Ndalama ya pa bilu ili ndi ubwino wake. Aliyense amalipira, ndipo ikagawidwa mwachilungamo, amayi ophika nsima ndi mnyamata wotsuka mbale, amene kasitomala sawaona, amapezako kangachepe. Koma imayamba yalowa m'thumba mwa abwana. Kasitomala akaiona amaganiza kuti wathokoza kale, ndiye sasiyanso kalikonse pa tebulo. Abwanawo akaigwiritsa ntchito kugulira makala, mphwangayo wataya mbali zonse ziwiri. Ku Britain anakhazikitsa lamulo loti kuyambira pa 1 Okutobala 2024 ndalama zotere zizipita zonse kwa antchito.

Ya m'manja, imene kasitomala amapatsa yekha woperekera zakudya, ndi yosadalirika. Mu nyengo yogulitsa fodya imapezeka, koma mu Febuluwale kuli zii.

Komabe ine ndimasankha ya m'manja, chifukwa ndimaona amene wailandira. Malo amene alemba service charge ndimafunsa woperekerayo mwakachetechete: “Achimwene, ndalama iyi imakufikani?”