Patha miyezi 8 ndikusunga DNA mu choline dihydrogen phosphate

Chinandichititsa kugula botolo la mchere wa choline dihydrogen phosphate ndi firiza ya mu labu yathu, yomwe imasungunula zinthu magetsi akazima tsiku lonse. Ndinali nditawerenga kuti mu 2010 ofufuza ena anasunga DNA kwa miyezi ingapo mu mchere umenewu popanda kuiziziritsa. Uli m'gulu la ma ionic liquid, mitundu ya mchere yomwe imakhala yamadzimadzi pa kutentha kochepa, ngakhale umabwera wouma; umasanduka chamadzimadzi ukathiramo madzi pang'ono, pafupifupi 20 peresenti.

Pa zomwe ndinaugulira sunandikhumudwitse. Plasmid (DNA yozungulira ngati mphete) yomwe ndinaisiya mu mcherewu mu kabati imaonekabe yathunthu pa gel, chomwe timaonerapo ngati DNA yaduka, pamene inzake ya m'madzi wamba inayamba kale kuduka. Choline amakhala m'mikwasa ya DNA, ndipo ma nuclease, ma enzyme omwe amadula DNA, sagwira bwino ntchito mmenemo.

Koma ndinakhala miyezi inayi ndikudzinamiza. Gel imaonetsa DNA yoduka basi, siionetsa guanine wowonongeka. Pa zilembo zinayi za DNA, guanine ndiye amagonja msanga ku oxidation (kuwonongedwa ndi tinthu taukali ta okosijeni), n'kusanduka 8-oxoguanine, amene pokopera amatha kugwirana ndi adenine m'malo mwa cytosine. Guanine (G) n'kukhala thymine (T), osadziwa. Nditathira Fpg, enzyme yomwe imadula pomwe pali 8-oxoguanine, DNA ya m'chubu chomwe chinkakhala pafupi ndi windo inaduka kuposa ya mu kabati. Ndikuganiza kuti ndi kuwala, mwinanso tinthu ta ayironi, poti ayironi akakumana ndi hydrogen peroxide amatulutsa ma hydroxyl radical, tinthu taukali towononga DNA, ndipo mcherewu suletsa zimenezo. Tsopano ndimathira EDTA pang'ono, mankhwala omanga tinthu ta ayironi, n'kukulunga machubu ndi foyilo.

Zotopetsa zilipo. Mcherewu ndi wonanda ngati uchi, pipette imafuna kuleza mtima. Umayamwa chinyezi, moti m'dzinja ukaiwala kutseka botolo upeza wanyowa. PCR, njira yochulukitsira DNA, imakana ukapanda kuusukulutsa kapena kuyeretsa kaye DNA.

Mnzanga wina anafuna kuti tiyesenso ma ionic liquid ena, a gulu la imidazolium, poti "zonse ndi ionic liquid". Ndinakana. Za m'gululi zomwe mamolekyu ake ali ndi mchira wautali, ngati C8mim, zimadziwika kuti zimachulukitsa ma ROS (tinthu taukali ta okosijeni) m'maselo ndi kuwononga DNA ya nsomba ndi nyongolotsi, ndipo ina ya m'gulu lomweli, [BMIM][BF4], ikakhalitsa ndi madzi imatulutsa fluoride.

Botolo lachiwiri la choline dihydrogen phosphate ndaitanitsa kale, koma ma sample opita ku sequencing (kukawerenga ndondomeko ya zilembo za DNA) akadali mu firiza.