Kalasi ya ana yophika mabisiketi a zipatso: mwini wake amaidziwa ntchito, womuthandiza ayi

Ndapereka nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri zotsalazo zapita chifukwa cha munthu mmodzi. Ndikunena kalasi ya Loweruka ija imene yakhala ikuzungulira m'magulu a makolo pa WhatsApp kuno ku Lilongwe, ya K18,000 pa mwana. Chinandikopa ndi lonjezo lawo loti amalandira ana omwe ali ndi zakudya zowaletsa. Pakhomo panga alipo awiri otero. Wanga wamwamuna, wa zaka 7, thupi lake limadana ndi mtedza: akangolawa milomo imatupa, ziwengo thupi lonse, kenako amayamba kubanika. Wa mng'ono wanga, mtsikana wa zaka 9, madokotala anamuletsa tirigu chifukwa cha matenda a coeliac. Zonsezi ndinazilemba pa fomu yolembetsera, ndinabwerezanso pa foni, n'kulipira K5,000 yowonjezera pa mwana aliyense imene amati ndi ya zosakaniza zapadera.

Malo ndi aukhondo, ana sanali ambiri, aliyense anavala epuloni yake. Pamenepo ndilibe mawu.

Vuto linayamba mwini wake atalowa kukhitchini kukayatsa uvuni. Ana anatsala ndi mtsikana womuthandiza, yemweyo amene anandilandira pa foni ndi kutenga ndalama. Makolo anatikhazika pakhonde, koma ine maso anali pazenera. Ana atamaliza kuphwanya nthochi ndi mafoloko, mtsikanayo anatulukira ndi kambale ka nsinjiro n'kuyamba kuthira supuni imodzi imodzi m'mabeseni a ana, kuyambira kumapeto kwa tebulo. Mmene ndimalowa n'kuti atathira kale m'beseni la mwana woyandikana ndi wanga, supuni yodzaza ili pamwamba pa beseni la mwana wanga. Ndinamugwira dzanja.

"Achemwali, mwana uyu sadya mtedza. Ndinalemba, ndinakuuzaninso pa foni."

"Aa, amayi, ndi kapang'ono chabe kongokometsera. Zikapsa mu uvuni mphamvu yake imatha. Ana a masiku anowa amangosankha zakudya."

Yankho limeneli ndi lomwe landilembetsa ndemanga ino. Moto suthetsa chimene chimadwalitsa mwana mu mtedza. Wokazinga, wophika, chiponde, nsinjiro ya m'ndiwo, zonse zimamupweteka chimodzimodzi, ndipo sizidikira kuti adye mbale yonse. Mwana wotere akayamba kubanika, Piriton sathandiza, chofunika ndi jakisoni wa adrenaline ndi kuthamangira kuchipatala, komwe kuchokera pamalo pajapo si pafupi. Ndikudziwa kuti kwathu kuno mtedza uli paliponse, mu futali, mu nkhwani wotendera, m'phala la khanda, ndiye anthu ambiri sakhulupirira kuti ungaphe munthu. Agogo kumudzi akamanena kuti mwanayu tamulera mosasatitsa ndimawamvetsa. Koma munthu amene walandira ndalama yapadera chifukwa cha nkhani yomweyi alibe podzikhululukira.

Ndili chiimire pomwepo ndinaonanso china. Tebulo lonse anali atalawaza fulawa wa tirigu kuti zokandazo zisamamatire, ndipo manja a mwana wa mng'ono wanga anali mbuu. Kwa wa coeliac, chakudya chimatchedwa chopanda gluten (puloteni ya mu tirigu imene imamudwalitsa) pokhapokha ngati gluten wake sapitirira mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi. Fumbi la fulawa la patebulo lija linali lokwanira kumupweteka m'mimba. Nditamuuza mtsikanayo, anangotsonya n'kuyang'ana kumbali.

Ndinali nditanyamula kale chikwama kuti tizipita pamene mwini wake anatuluka. Apa ndipo maganizo anga anayamba kusintha. Sanakangane nane, sanateteze wantchito wake. Anafunsa fomu, ndipo zinapezeka kuti inali isanawafike, inathera mu foni ya mtsikana uja. Anati, "Pepani amayi, tiyambirenso." Anasonkhanitsa mabeseni onse, ngakhale a ana ena omwe alibe vuto lililonse, n'kuwachotsa. Ana onse anakasamba m'manja ndi sopo, maepuloni anasinthidwa, tebulo analitsuka ndi madzi otentha a sopo, n'kutulutsa mathireyi, sefa ndi masupuni ena omwe amasunga padera m'bokosi lotseka. Nsinjiro ndi fulawa zinatuluka m'chipindamo, ndipo kalasi yonse inaphika zofanana ndi zomwe ana anga angadye. Kholo lina linang'ung'udza za nthawi, iwo sanalabadire.

Chimene chinandikhutiritsa kuti amayi amenewa amadziwa zomwe akuchita ndi nkhani ya chigayo. Ndisanafunse n'komwe, anandiuza kuti mpunga wawo sapita nawo kuchigayo cha aliyense, chifukwa kumeneko anthu amagayitsa chimanga chosakaniza ndi soya ndi mtedza cha phala la ana, ndipo zotsalira zimalowa mu ufa wa wobwera pambuyo. Amagaya okha pakhomo. Ineyo ndi nkhani imene ndimavutika kuifotokozera ngakhale abale anga. Anandionetsanso botolo la mafuta kuti ndidziwerengere ndekha kuti ndi a mpendadzuwa, ndi paketi ya baking powder kuti ndione kuti mulibe tirigu.

Mabisiketiwo ndi osavuta, ndipo amakulolani kulemba kaphikidwe kake. Beseni lililonse munalowa nthochi 2 zakupsa kwambiri, za madontho akuda zija, kapu 1 ya ufa wa mpunga, theka la kapu ya ufa wa chinangwa wosefa bwino, masupuni 3 a mafuta, supuni 1 ya ufa wa malambe, timapisi ta mango wouma, sinamoni pang'ono ndi baking powder. Mulibe shuga, dzira kapena mkaka. Nthochi ndi imene imatsekemeretsa ndi kugwirizanitsa zonse m'malo mwa dzira, pomwe chinangwa chimapereka kunanda komwe ufa wa mpunga paokha ulibe. Zokandazo sizitheka kuziyala ndi kudula, ndiye ana amatapa ndi supuni n'kuphwatalitsa ndi kumbuyo kwa supuni yonyowa, ntchito imene ngakhale wamng'ono wa zaka 4 anaikwanitsa. Mu uvuni ndi madigiri 180 kwa mphindi pafupifupi 15. Anatichenjeza kuti ufa wa kondowole wonyikidwa nthawi yaitali ukachuluka fungo lake limaposa la nthochi, ndipo ndi zoona, m'thireyi ya mwana wina amene anathira mowolowa manja linamveka.

Thireyi yoyamba itangotuluka magetsi anazima. Ndimayembekezera kuti atiuza kuti kalasi yathera pomwepo, koma anatulutsa mbaula ndi poto wamkulu wa mchenga pansi, makala ena pa chivindikiro monga tichitira chigumu, n'kupitiriza. Ana anasangalala ndi zimenezi kuposa za uvuni, ndipo a pa mbaulawo ndi omwe anapsa bwino m'mbali.

Musayembekezere mabisiketi okhukhuta ngati a m'sitolo. Awa ndi ofewa, otsekemera pang'ono, ndi kakuwawasa ka malambe kumapeto. Chifukwa cha madzi a nthochi sakhalitsa, masiku awiri kapena atatu basi. Ndinakondanso kuti mwini wake sananamize kholo la mwana wodwala shuga lomwe linalipo: anawauza poyera kuti kusathira shuga sikutanthauza kuti mulibe shuga, poti nthochi yakupsa ndi mango wouma zili naye wambiri, ufa nawonso umakweza shuga m'magazi, ndiye awerengere ngati chakudya china chilichonse. Ogulitsa ambiri akangolemba kuti "zopatsa thanzi" amathera pomwepo.

Mwana wa mng'ono wanga nthawi zonse amapita kumapwando a anzake ndi kakontena kake ka chakudya, n'kumaonerera ena akudya keke. Tsiku limenelo anadya za m'mbale imodzi ndi anzake, zophika yekha, ndipo Lamulungu anatiphikira zake kunyumba popanda womuthandiza kupatula pa moto. Pa chimenechi chokha ndalama ija sindikuidandaula, ngakhale mtengowo ndi wokwera kwa kalasi ya maola awiri. Ndikumvetsa kuti zinthu zadula, nthochi nazonso sizinabwerere mwakale chiyambireni matenda a chisaka ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, koma anayenera kupereka kabokosi kabwino konyamulira mabisiketi m'malo mwa jumbo yopyapyala imene inawaphwanya m'njira.

Mtsikana uja sanapepese mpaka tinachoka. Potsanzikana anauza mwana wanga kuti, "Iwe ukadzakula udzadya mtedza," ine ndili pomwepo. Mwini wake analonjeza kubweza K10,000 yowonjezera ija, koma woyendetsa za ndalama ndi mtsikana yemweyo, ndipo mpaka lero uthenga wanga amangouwerenga osayankha. Sindikufuna kuti munthu achotsedwe ntchito, nthawi zino n'zovuta. Koma asamuike pa fomu za ana odwala asanamuphunzitse, chifukwa tsiku lina kholo lidzakhala likuyankha foni pakhonde pamene supuni ija ikutsika.

Ngati mwana wanu alibe chomuletsa, pitani, asangalala. Ngati ali nacho, musakhutire ndi fomu kapena foni ya pa chithunzi chotsatsira. Pemphani kulankhula ndi mwini wake yemwe, mufunseni zomwe zilowe m'beseni tsiku limenelo, ndipo akakuuzani kuti makolo amakhala pakhonde, kanani, mukhale mkati. Anandiuza kuti mu Disembala, mango akachuluka, adzaphika ndi mango wongothyola kumene mumtengo m'malo mwa wouma. Ana anga ndawalembetsa kale, koma kudzera pa nambala ya mwini wakeyo.