Hyper-V Replica patatha miyezi 14: Tete ndi Ulongwe

Patha miyezi 14 chiikireni kuntchito kwathu Hyper-V Replica, pulogalamu imene imakopera zonse za VM (kompyuta yongoyerekezera yoyenda mkati mwa seva) kupita ku seva ina kuti ija ikafa inzake itenge malo. Zimene ndinanena poyamba, zoti siyovuta kuika komanso imabwera kale mu Windows Server popanda kulipira china, sindinasinthe maganizo. Koma zina munthu umazidziwa pokhapokha tsiku loipa litakufikira.

Timagulitsa feteleza ndi mbewu. Seva yaikulu ili mumzinda wa Tete, inzake ili kusitolo yathu ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Tinasankha kutali dala. Amene anaona mlatho wa pa Revúboè utaduka nthawi ya namondwe wa Ana mu Januwale 2022 akudziwa kuipa koika zonse dera limodzi. Komanso ku Ulongwe n'kozizirirako, pamene kuno mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40.

Replica imatumiza zosintha pa masekondi 30 aliwonse, mphindi 5 kapena 15. Ife tinasankha 5, chifukwa intaneti yathu singakwanitse masekondi 30.

Planned Failover, kusamutsira ntchito ku seva inzake mokonzekera, ndaichita kawiri, posintha mabatire a UPS (chosungira magetsi akathima), ndipo ndilibe nayo dandaulo. Umayamba wazimitsa VM ya ku Tete, iyo n'kutumiza zonse zotsala, kenako ya ku Ulongwe n'kudzuka. Sipanasowe ngakhale fatura (invoisi) imodzi.

Nkhani ili pa Novembala. Magetsi anathima masana, chipinda cha seva chinatentha, ndipo atabwera seva inakana kuyaka. Inali nthawi yodzala, alimi ali pamzere mpaka panja. Ndinathamanga kudina Failover ku Ulongwe osayang'ana kuti zomaliza zinafika nthawi yanji. Mumtima ndinkati tataya za mphindi 5 basi. Madzulo ndi pamene ndinaona kuti intaneti inkadukaduka kuyambira m'mawa: zomaliza zinafika 10:40, seva inazima 1:15 masana. Mafatura a maola awiri ndi theka kulibe, ena a anthu otenga feteleza pangongole. Mphindi 5 zija zimagwira ntchito ngati njira ili yotseguka. Ikatsekeka, zosintha zimangounjikana mu mafayilo a HRL, osungira zimene zisanatumizidwe, pa seva yaikulu, kudikira.

Apa ndi pamene ndikufuna anzanga a ntchito imeneyi amvetsetse. Mafatura aja sanafe, anali pa madisiki a ku Tete. Seva itakonzedwa, mnzanga anati, "Achimwene, tichite Reverse Replication zibwerere mwakale." Uku n'kutembenuza njira yokoperera, ndiye tikanatero, ya ku Ulongwe ikanakhala mwini nkhani n'kulemba pamwamba pa ya ku Tete, ndipo mafatura akanapita osabwereranso. Tinayamba takopera fayilo ya VHDX, imene ndi disiki ya VM ya ku Tete, pa disiki ina, n'kuiyatsa yosalumikiza ku netiweki kuti ma VM awiri a dzina limodzi asakumane. M'menemo tinatulutsa mafatura onse n'kuwalowetsa pamanja. Zinatitengera madzulo awiri, koma palibe mlimi amene tinakangana naye pa ngongole yake. Titatsimikiza kuti mabuku agwirizana, m'pamene tinatembenuza replication.

Chichokereni tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ndisanamwe tiyi ndimayendetsa lamulo la Measure-VMReplication kuona nthawi imene zomaliza zinafika, ndipo ndinalemba kapulogalamu konditumizira uthenga zikachedwa kupitirira mphindi 30. Ndinatsegulanso ma recovery point, makope a mmene VM inalili maola apitawo amene ungabwerereko. Amalola mpaka 24, imodzi pa ola, ife timasunga 12, ndipo pa VM ya akaunti ndinayatsa VSS, chida cha Windows chotenga kope mapulogalamu atamaliza kulemba, kuti database izidzuka ili bwinobwino. Test Failover timachita kamodzi pamwezi. Imapanga VM yoyeserera pambali, replication ikupitirira.

Abwana anafunsa ngati tingasiye backup popeza tili ndi seva ziwiri. Ndinakana. Munthu akafufuta fayilo molakwitsa, kapena ransomware (vairasi yotseka mafayilo n'kufuna ndalama) ikalowa, Replica imanyamula zomwezo kukazitula ku Ulongwe pa mphindi zochepa. Ma recovery point athu amangobwerera maola 12, ndiye vuto limene laoneka Lolemba koma linayamba Lachisanu sangalithetse.

Ndipitiriza kuigwiritsa ntchito, ndipo kwa bizinesi ya msinkhu wathu ndikuilimbikitsa. Chimene ndapempha mu bajeti ya chaka chino ndi intaneti yachiwiri ya kampani ina pakati pa Tete ndi Ulongwe, ifike mvula isanayambe.