Anatidulira mikungudza yokalamba ku Hatfield: kudula amatha, koma mbande kasankheni nokha

Nyenyezi zitatu mwa zisanu. Pa kudula mitengo anthu a kampani yomwe tinaipatsa ntchitoyi ndi akatswiri, ndipo ndikanawaweruza pa ntchito imeneyo yokha ndikanawapatsa zonse. Zomwe zawadyera ziwirizo ndi mbande zomwe anatigulitsa komanso kusowa kwawo titangomaliza kulipira. Dzina la kampani sinditchula pagulu, ofuna nambala andifunse kumbali.

Pakhomo pathu ku Hatfield, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, panali mzere wa mikungudza ya mtundu wa cypress m'mbali mwa durawall (mpanda wa simenti), yobzalidwa ndi eni nyumba akale. Inali itakula kupitirira denga, koma m'munsi monse munali mbee, nthambi zouma zokhazokha, masamba atathawira kunsonga. Ndiye kuti ntchito yomwe anaibzalira, yotchinga maso, inali itatha kalekale. Pulotu ya kuseri kwathu itagulitsidwa, anamangapo nyumba zosanja zija zachuluka ku Hatfield masiku ano, ndipo anthu a m'mwamba ankationa bwinobwino tikuchapa ndi kuyanika zovala. Kenako kunabwera chilala cha 2023/24, chija boma linalengeza mu Epulo 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse. Pofika Ogasiti chaka chomwecho, mitengo ingapo inali itafiira kuyambira pansi mpaka pamwamba.

Amene anabwera kudzaona ntchito anali kapitawo wawo, bambo wachikulire wobadwira konkuno koma makolo ake a ku Dedza. Atamva ine ndi bambo a kunyumba tikulankhula, anasiya Chishona n'kuyamba Chichewa chake chosakaniza. Ine maganizo anga anali oti angodula nsonga ndi kupopera mankhwala kuti iphukenso. Iwo anathyola kanthambi n'kundionetsa: khungwa lakuda ngati lapakidwa mwaye, lomata m'manja, ndipo m'mphandamo muli tinsabwe totuwa tothithikana. "Amayi, ndalama zanu musataye pa mankhwala," anatero. "Mtengo uwu mukaudula kufika pouma suphukanso. Si bulugamu." Apa anandikhutiritsa, chifukwa akanatha kungolandira ya kupopera, miyezi ingapo n'kudzalandiranso ya kudula.

Mbiri ya nsabwe zimenezi ikukhudza kwathu ku Malawi ndithu. Mu Africa muno zinayamba kuonekera ku Malawi mu 1986, kenako n'kufalikira ku Tanzania, Kenya, Zimbabwe ndi maiko ena, ndipo sizinasiye ngakhale mkungudza wa pa phiri la Mulanje. Zimayamwa madzi a m'tinthambi, masamba n'kuyamba chikasu kenako kufiira, ndipo zimalusa kwambiri nyengo yopanda mvula. Mtengo wamphamvu umalimbana nazo. Wokalamba, wothithikana ndi anzake, pa dothi lamchenga ngati la kuno kumwera kwa Harare, ukapezananso ndi chilala, basi zake zada.

Kudulako kunali kosangalatsa kuonerera, ngakhale mtima unali m'mwamba. Mbali imodzi kuli durawall, mbali ina thanki ya madzi, ndipo chakumapeto kwa mzere kukudutsa waya wa magetsi wolowa m'nyumba. Malo ogwetsera mtengo wathunthu panalibe. Mnyamata mmodzi ankakwera atadzimanga lamba m'chiuno, makina ochekera akulendewera pa chingwe. Ankayamba ndi nthambi, kenako thunthu n'kumalidula zidutswa zosakwana mita imodzi kuchokera kunsonga. Chidutswa chilichonse ankachimanga kaye, anzake awiri pansi n'kumatsitsa chingwe pang'onopang'ono mpaka chitatera pa matayala akale omwe anayala. Pafupi ndi waya, kapitawo anaimitsa makina n'kulamula kuti adule ndi sowo yamanja. Onse anali ndi zisoti ndi zotchinga m'maso, zomwe sindinazionepo kwa anyamata oyenda ndi makina m'misewu kufunsa ganyu. Pabwalo ponse panali fungo la utomoni, ndipo madzulo aliwonse ankasesa utuchi asananyamuke.

Gawo limodzi la durawall linasweka chidutswa china chitapulumuka pa chingwe. Anavomera pomwepo, osakangana.

Pa zitsa m'pamene muyenera kuwerenga pepala lawo mofatsa. Mtengo womwe amatchula poyamba ndi wa kudula kokha. Kuchotsa zitsa amalipiritsa padera chitsa chilichonse, kutaya zinyalala padera, ndipo zonsezi zitaphatikizidwa ndalama zinatsala pang'ono kufika kawiri. Amafuna madola a ku America, theka poyamba. Tinalipira ndithu za zitsa, chifukwa chitsa cha mkungudza chimachedwa kuola, chimaitana chiswe, ndipo sungakumbe dzenje labwino pakati pa mizu yake. Makina awo operera zitsa anangolowa pansi masentimita 30 kapena kuchepera. Mizu ikuluikulu anaizula ndi piki titaumirira. Nkhuni tinagwirizana kuti zitsale, koma lole yawo yoyamba inanyamula zidutswa zonenepa zonse, ife n'kutsala ndi tinthambi. Ati sanamvane ndi dalaivala.

Pa zoti tibzale chiyani, malangizo awo anali anzeru. Cypress anakaniratu. Ficus, wa m'gulu la mkuyu, anati mizu yake idzanyamula durawall ndi kulowa m'mapayipi a zonyansa. Nsungwi zimatchinga msanga koma zina zimayenda pansi n'kukatulukira kwa aneba. Ine ndinkafuna nyowe, mtengo womwe anzathu Achishona amati mukute, poti sugwetsa masamba ndipo zipatso zake ana amadya, koma anandikumbutsa kuti umakonda m'madambo ndipo madzi a kuno tonse tikuwadziwa mabweredwe ake. Msikidzi anati ndi wabwino koma umakula kwambiri, sungayandikane ndi khoma, choncho tinabzala umodzi wokha pakona pomwe pali malo. Mzere wonse tinagwirizana za viburnum, ya masamba akuluakulu onyezimira, motalikirana mita imodzi, ndipo kumbali ya msewu Kei apple ya minga, yopirira ludzu ngakhale imakula mochedwa. Mfundo yawo inali yoti tikasakaniza mitundu, kachilombo kamodzi sikangathe mpanda wonse monga zinachitikira ndi mikungudza. Amene akufuna kuona mitengo yachilengedwe itakula asanasankhe, apite ku National Botanic Garden ku Alexandra Park, akaone kukula kwake ndi maso.

Tinadikira mvula n'kubzala kumayambiriro kwa Disembala, sabata yomwe dziko lino limakhala ndi tsiku lobzala mitengo, Loweruka loyamba la mweziwo. Maenje anakumba bwino, masentimita 60 mbali zonse, anachotsa dothi losakanizika ndi utuchi n'kuikamo kompositi ndi manyowa owolerana. Mbandezo ndiye zinandikhumudwitsa. Pa pepala analemba kuti zidzakhala zofika m'chifuwa. Zomwe zinatsika m'galimoto zambiri zinali zofika m'mawondo, mtengo wake womwewo. Nditang'amba chubu chimodzi ndinapeza mizu itazungulirazungulira, yolimba gwa, dothi latsala pang'ono, chizindikiro choti mbande yagonera m'chubu nthawi yaitali. Anyamata obzala, omwe sanali aja odula, ankangoziponya m'dzenje osamasula mizuyo. Ndinachita kuima pomwepo kuti azimasula imodziimodzi. Sabata yotsatira ndikudutsa pa nazale ina ya m'mphepete mwa msewu ndinaona viburnum yotalika kuposa yathu pa mtengo wotsika. Zikuoneka kuti kampaniyi ilibe nazale yakeyake, imangogula kwa ena n'kuikapo phindu.

Analonjeza kuti mbande yofa m'miyezi itatu yoyamba adzabweza. Zinafa zinayi, ziwiri ndi chiswe chomwe chinachokera m'mizu yotsalira. Uthenga wa pa WhatsApp ankauwerenga osayankha, foni ikaitana amati abwana ali ku ntchito ina. Anabwera nazo mvula itatha, nthawi yomwe mbande imadalira madzi a m'thanki basi. Kapitawo uja anapepesa yekha, "Pepani amayi, za ku ofesi ine sindizilamulira," ndipo ndinamukhulupirira, koma kupepesa sikuthirira mbande.

Za madzi sanatiuze mokwanira, ndipo apa aliyense awerengere asanadule. Viburnum yaing'ono imafuna kumwa mokhuta kawiri pa sabata kuyambira Meyi mpaka mvula itabweranso mu Novembala, makamaka Seputembala ndi Okutobala dzuwa likamaswa mtengo. Pa mchenga madzi amangolowa n'kuzimiririka. Ife tilibe mjigo, madzi timagula a m'mathanki, choncho otsukira zovala omaliza ndi osambira timathira kumpanda, ndipo pansi tinaphimbira ndi udzu wouma osaugunditsa ku tsinde kuopa chiswe. Chisanu cha Juni ndi Julayi chinawaula tinsonga tanthete koma zinaphukanso. Kumayambiriro ndinkadula nsonga mwadala kuti zichite nthambi m'munsi, ngakhale mtima unkafuna zingothamangira m'mwamba.

Panopa viburnum yambiri yafika pamutu pa durawall ndipo yayamba kugwirana. Kei apple idakali m'chiuno. A m'nyumba zosanja akutionabe, ndipo kwa chaka china kapena ziwiri zikhala choncho, moti chingwe choyanikira tinachisamutsira mbali ina ya nyumba. Mnzanga wa ku Waterfalls, dera lina la mu Harare momwemuno, atandifunsa, ndinamuuza kuti awaitane adule ndi kupera zitsa, alembetse pa pepala kuya kwa kuperako ndi za nkhuni, asunge gawo la ndalama mpaka ntchito itatha, ndipo mbande akasankhe yekha ku nazale atasuzumira mizu. Gawo la durawall lija anangolimata ndi simenti, latsopano lomwe analonjeza silinafike. Likafika ndidzawonjezera theka la nyenyezi.