Bulugamu, paipi kapena nsanja: eriyo yanu muiike pa chiyani?

Munthu akangolandira chiphaso cha wailesi ya amateur (yolankhulirana ndi anthu akutali mongosangalala) ku MACRA, dzina lake la pamphepo loyamba ndi 7Q, chizindikiro cha Malawi, lili m'manja, maso amathamangira kumwamba. Waona zithunzi za anzathu a ku Germany ndi ku America, nsanja zachitsulo zopitirira mitengo yonse ya pamudzi, pamwamba pake Yagi, eriyo ya zitsulo zondandalika yoloza mbali imodzi, itatambasula manja, basi mtima uli dyokodyoko. Inenso ndinadutsa momwemo. Masiku ano mnzanga akandifunsa choti aimike pakhomo, ndimayamba ndamufunsa kuti: chinthucho chikavuta mu February, mvula ili pachimake, adzakwere ndani?

Za mtengo wamoyo ndingodutsapo. Ngati pakhomo pali mango kapena mbawa yaitali, ponyani chingwe panthambi, kokerani waya m'mwamba, madzulo omwewo mulankhula. Vuto lake nlakuti mtengo umagwedezeka ndipo umadula waya. Mankhwala ake nkumangirira kagudumu kokokera chingwe, konga ka pamlongoti wa mbendera kusukulu, chingwecho nkulendewetsako chigubu cha mchenga kuti mtengo ukapendama chigubu chizikwera m'malo moti waya aduke. Mtengo suusuntha, choncho wayayo amaloza kumene mtengowo wafuna.

Mlongoti wanga woyamba unali wa bulugamu, wa mamita 9, wogula kwa ogulitsa milimo m'mbali mwa msewu. Ndinaupaka oyilo wakutha kutsinde monga tichitira ndi mitengo ya mpanda, nkuukwirira. Unatha dzinja limodzi bwinobwino. Chakumapeto kwa lachiwiri, tsiku lina m'mawa ndinangoutsamira pomanga nsapato, ndinamva kuti fwofwo. Nditakanda ndi chikwanje pamene mtengo umakumana ndi dothi, kunja kunali khungwa lokha, m'kati muli dothi lofiira ndi chiswe chili piringupiringu. Mtengo wonsewo unkangoima chifukwa cha waya wa eriyo yemweyo. Kuyambira pamenepo bulugamu wosathiridwa mankhwala ndimamuwerengera ngati wongobwereka. Wothiridwa mankhwala kufakitale, wonga wa mapolo a magetsi, ndi nkhani ina: amakhala zaka zambiri, safuna zingwe zomukoka ngati wanyamula waya yekha, ndipo sasokoneza mafunde monga chichitira chitsulo. Pokwirira, amisiri a mapolo amatenga gawo limodzi mwa magawo 10 a kutalika kwake nkuwonjezerapo masentimita 60, ndiye kuti polo ya mamita 9 imalowa pansi mita imodzi ndi theka, kumwamba nkutsala 7 ndi theka okha. Ambiri amaiwala kuchotsera pamenepa pogula. Kulemera kwakenso si kwamasewera, pamafunika lole ndi anyamata angapo. Nsungwi ndi yabwino kwa amene ali pa lendi: yopepuka, yotchipa, alandilodi akayamba kuyang'ana ndi diso lofiira mumatsitsa tsiku lomwelo. Ingodziwani kuti chaka ndi chaka mudzisintha.

Tsopano paipi, imene ine ndimaikonda. Mapaipi a madzi a galata amagulitsidwa otalika mamita 6. Ya mainchesi 1.5 imalowa bwino m'kati mwa ya mainchesi 2. Mukailowetsa mita imodzi nkuboola, nkumanga ndi mabawuti awiri, mwapeza mlongoti wa mamita 11. Nambala imeneyi ndi yofunika, chifukwa pa bandi ya 20m, ya mafunde otalika mamita 20, eriyo imayamba kuponya mafunde chotsika, molunjika kutali, ikakwera pafupifupi theka la kutalika kwa funde, amene ndi mamita 10. Pansi pake mumaika zitsulo ziwiri m'simenti, bawuti yaikulu nkudutsa pakati, kuti mlongoti uzigona ndi kudzuka ngati chitseko pa hinjesi. Ubwino wonse wa paipi wagona pa bawuti imeneyo. Chilichonse chimene chavuta kumwamba mumachikonza mutaima pansi, kapu ya tiyi ili pambali.

Koma paipi ya madzi ndi chitsulo chofewa. Payokha siingaime mamita 11, imapindika ngati phesi. Imafuna zingwe zoikoka pa malo awiri, polumikizira paja ndi chakumapeto, ndipo apa mpamene imadyera malo. Opanga nsanja amalangiza kuti zichiri zikhale kutali ndi tsinde magawo 8 mwa 10 a kutalika kwa mlongoti, ndiye kuti mamita pafupifupi 9. Zichiri zitatu zotalikirana mofanana zimafuna bwalo la mamita 16 uku ndi 14 uku. Pa mapuloti ambiri a ku Ndirande kapena ku Kawale, chichiri chimodzi chigwera m'bafa la aneba. Mutha kuziyandikitsa pang'ono, koma chingwe chikamaimirira kwambiri chimasiya kuletsa mlongoti kupendama, chimayamba kuukanikizira pansi. Kwa mlongoti wogoneka ine ndimaika zichiri zinayi: ziwiri za m'mbali zimaugwira kuti usakhotere kwina pamene mukuudzutsa, ndipo mapaipi awiriwo pamodzi amapitirira makilogalamu 50, akayamba kupita kumbali palibe angawabweze ndi manja.

Zingwezo nazo zili ndi mpikisano wawo. Chingwe chabuluu chija cha pamsika, chomangira katundu pa njinga, dzuwa la October limachisandutsa ufa. Muchigwire pakatha chaka, chimasiya fumbi labuluu m'manja. Cha polyester chimapirira dzuwa ndipo sichitamuka kwambiri. Waya wachitsulo wopota ndiye wolimba kuposa zonse, koma ali pafupi ndi eriyo amayamba kugwira nawo mafunde, SWR, muyeso wa kugwirizana kwa eriyo ndi wailesi, nkusokonekera osadziwa chifukwa. Amafunika kumudula zigawo ndi timainsuleta tadothi tija tonga dzira. Timaklampu tomangira wayayu tikhale titatu pamfundo iliyonse, ndipo mbali yopindika ngati U ikanikize kamchira kotsala, osati waya amene akunyamula katundu. Ndaonapo milongoti yambiri yomangidwa mozondoka pamenepa.

Pali njira ina imene anthu amaiyang'ana tsiku lililonse osaiona: nsanja ya thanki ya madzi. Ngati ilipo kale ndipo maziko ake ngabwino, kumangirira paipi imodzi pamwendo wake kumakupatsani kutalika kwabwino popanda chichiri nchimodzi chomwe. Ya waya kapena kaeriyo ka bandi ya 2m, inde. Yagi, ayi. Nsanja ya thanki anaipangira katundu wokanikiza pansi, ndipo thankiyo ikauma, monga zichitira mipopi ikatseka, kulemera kumene kumaikhazika pansi kumachoka.

Tifike pa nsanja yeniyeni. Zilipo mitundu iwiri, yokokedwa ndi zingwe ndi yoima payokha. Yokokedwa, monga Rohn 25G imene anzathu a ku America amaigwiritsa ntchito kwambiri, imabwera zigawo za mamita 3, za miyendo itatu, ndipo imafuna bwalo lalikulu kuposa la paipi lija chifukwa ndi yaitali. Yoima payokha siifuna bwalo, koma mphamvu yonse ya mphepo imathera pamaziko. Ndalama zake zambiri zimakwiriridwa pansi pomwe alendo saziona. Konkire ya mita imodzi mbali zonse imalemera matani pafupifupi 2.4 ndipo imadya matumba a simenti 6 kapena 7, osawerengera mchenga, kwale ndi zitsulo. Nsanja ya mamita 12 kapena 15 yonyamula Yagi imafuna zoterozo zingapo. Pa katondo wolimba zimakhalako bwino. Pa makande a kudambo, amene amang'ambika m'chilimwe nkufufuma m'dzinja, musakumbe musanaitane injiniya. Konkireyo imafika pa mphamvu yake pakatha masiku 28, ndiye musapupulume kuimikapo chitsulo.

Kuitanitsa nsanja kunja ndi ndalama zoti ena amangira nyumba ya anyamata, choncho ambiri amapita kwa wowotcherera wa m'tauni. Sindikunyoza amisiri athu, ena manja awo ndi odalitsika. Koma amene anazolowera mageti ndi nsanja za mathanki amaganiza za kulemera, pamene mdani wa nsanja ya eriyo ndi mphepo yokankha cham'mbali ndi kupotokola. Mphamvu ya mphepo siikula mwaulemu: liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kumawirikiza kanayi. Amene anali kum'mwera nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023, kapena amene amakhala kunyanja kumene mwera umaomba masiku angapo osapuma m'miyezi yozizira, safuna kuuzidwa. Ngati mwasankha wowotcherera, muuzeni agwiritse ntchito angle iron, osati machubu. Chubu imachita dzimbiri kuyambira m'kati, madzi akalowa nkusowa potulukira, kunja penti ili phuliphuli. Angle iron mbali zake zonse mumaziona, mumazipala nkuzipakanso red oxide. Ndipo akamawotcherera paipi ya galata adziwe kuti moto umapsereza zinki, utsi wake umadwalitsa, ndipo pamalo powotchapo mpamene dzimbiri lidzayambire.

Walira mvula walira matope. Nsanja imafuna kukwera, kamodzi kapena kawiri pachaka, kukalimbitsa mabawuti, kukaona rotator yozungulitsa eriyo, kukamatanso polumikizira coax, waya wochokera ku eriyo kupita ku wailesi. Kukwerako kumafuna lamba wogwira thupi lonse wa zingwe ziwiri, kuti pochotsa chimodzi chinacho chikhale chili chokola, ndi munthu wina pansi amene sachokapo. Lamba wa m'chiuno yekha kapena chingwe chomangira mbuzi si zida. Ndipo zaka zikamapita, mawondo amene anakwera mosavuta pa zaka 35 amayamba kukana. Apo mwayamba kulipira wina kuti akukwerereni, moyo wa mwana wa eni ake uli pa zowotcherera zimene simunazione kwa zaka zitatu. Palinso makalata: chomanga chachitali chotere khonsolo ya mzinda imafuna kuchidziwa, ndipo ngati muli kufupi ndi Chileka kapena bwalo la ndege la Kamuzu, a zandege nawonso ali ndi mawu.

Nanga zonsezi mupindulanji? Yagi ya zitsulo zitatu imaposa dipole, eriyo ya waya mmodzi wolumikizidwa pakati, ndi madB 5 kapena 6 pa muyeso wa mphamvu, pafupifupi sitepe imodzi (S-unit) pa mita ya wailesi, ngati kuti mawati 100 asanduka 400. Imathandizanso kutsekereza phokoso lochokera kumbuyo. Kwa wokonda mipikisano si zochepa. Koma taonani pamene Malawi wakhala. Ulaya ali kumpoto kopendekera pang'ono kumadzulo, South Africa ali kum'mwera kopendekeranso kumadzulo. Dipole imaponya mafunde m'mbali mwake, osati kumapeto kwake. Mukaiyala kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, mwagwira London ndi Johannesburg ndi waya mmodzi, popanda chozungulitsa. Kutalika kwake mumagawa 143 ndi frequency: pa 14.2 MHz (bandi ya 20m) ndi mamita 10, pa 7.1 MHz (bandi ya 40m) ndi mamita 20 ndi kachidutswa. Pa paipi imodzi mutha kupachika mawaya onse awiri ngati inverted V, V yozondoka, pa coax imodzi. Wa 40m pa mamita 11 amakhala wotsika, mafunde ake ambiri amakwera chowongoka nkugwa pafupi, zimene nzabwino polankhula ndi Mzuzu muli ku Blantyre, kapena ndi anzathu a 9J (Zambia) ku Chipata ndi a C9 (Mozambique) ku Tete. Komanso 7Q si dzina lomveka tsiku lililonse pamphepo. Mukaitana, anthu a nsanja zikuluzikulu aja ndi amene amatembenuza ma Yagi awo kukufunani, nsanja zawozo nkugwira ntchito m'malo mwa yanu.

Amene mtima ukukanabe, pakati pali hexbeam, yonga ambulera yozondoka ya mamita pafupifupi 7 m'mimba mwake, yamawaya ndi ndodo za fibreglass. Ndi yopepuka moti paipi yokokedwa bwino imainyamula, ndipo mutha kuitembenuza ndi manja pansi.

Pa coax, RG-213 imataya mphamvu pafupifupi theka la imene RG-58 imataya, koma kuipeza kuno nkovuta. RG-6 ya madishi a TV ili m'shopu iliyonse. Ndi ya maohm 75, ndipo dipole payokha imakhala pafupi ndi 73, choncho zimagwirizana, wailesi imangoona SWR ya 1.5 imene siidandaula nayo. Chovala chake cham'kati nthawi zambiri chimakhala cha aluminiyamu chosagwira mtovu, ndiye musavutike nkuwotcha, ikani pulagi ya F ndi adaputa.

Mphenzi siisankha kuti uyu ndi bulugamu, uyu ndi Rohn. Chilichonse mwa izi chimafuna ndodo za earth patsinde, waya wonenepa, wamfupi, wosakhotakhota, ndipo earth imeneyo ilumikizidwe ndi ya nyumba, apo ayi mphenzi idzadzipezera njira yodutsa m'wailesi yanu. Amagetsi ena amathira makala ndi mchere m'dzenje la earth. Mcherewo umathandiza poyamba, kenako umadya ndodoyo. Za mawaya a ESCOM palibe kukambirana: yezani kuti mlongoti utagwa chautali wake wonse, mbali iliyonse, utsale mamita 3 osawafika. Ngati sizikutheka, fupikitsani mlongoti.

Kwanga kuno kuli mapaipi awiri aja, zichiri zinayi ndi mawaya awiri. Sabata yomaliza ya October, mvula ya chizimalupsa ikangodutsa, ndimaitana achimwene ndi anyamata awiri a pafupi, timaugoneka pa mpando wa ndalema. Ndimasenda tepi ya polumikizira kuona ngati mkuwa wabiriwira, ndimapaka girisi pa bawuti ya pansi, ndimasintha chingwe chilichonse chimene chayamba kuyera. Ikamakwana 11 koloko timakhala taudzutsa, anyamata alandira ya sopo. Kuyambira November mpaka April, bingu likangomveka cha kuphiri, coax ndimaimasulira panja, pakhoma, nkuiponya pa udzu kutali ndi zenera.