Kindle ndi Audible kwa ife a dyslexia

Anzanga a dyslexia yesani Kindle (app yowerengera mabuku) pamodzi ndi Audible (app ya mabuku omvetsera), simudandaula. Ine zilembo zimandisokonekera, b ndi d kumangosinthana, mzere umodzi kuubwereza mpaka mutu kuwawa ndiye buku lililonse ndinkangodikira filimu yake basi. Koma filimu imadula zambiri, makamaka zomwe munthu akuganiza mumtima, zomwe zimakometsa nkhanizo. Pa Kindle ndi Audible wina akukuwerengera m'mahedifoni kwinaku mawuwo akuwala pa sikirini limodzilimodzi, diso silisochera ayi. Liwiro umachepetsa wekha, zilembo kukulitsa, mulinso font ya OpenDyslexic yonenepa kumunsi, ena saikonda koma ine imandithandiza heve. Kungoti si buku lililonse lili ndi mawu ake ndipo umafunika kukhala nazo zonse ziwiri, bukulo ndi mawu akewo, ndiye muziona kaye musanagule.