Malabala atatu a tenesi ya patebulo atadutsa m'dzuwa, fumbi ndi mvula ya m'chigwa cha Shire

Malabala amene ndikufotokoza pano ndinawamata pa mabati mu Meyi, nyengo yozizira itangoyamba, ndipo tsopano mvula ikupita kumapeto, kutanthauza kuti aona nyengo zonse zimene chigwa chathu chili nazo: mphepo ya mwera ndi fumbi lake, kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala, komanso chinyezi cha m'dzinja. Atangofika ndinauza anzanga osewera nawo kuti labala wokwera mtengo ndiye amene ankatulutsa mpira waliwiro ndi wozungulira bwino kuposa enawo, ndipo zimenezo zinali zoona pa nthawiyo. Funso limene sabata yoyamba silikanayankhidwa linali lakuti ndi labala uti amene adzakhale akugwirabe ntchito ndalama zogulira wina zisanapezeke.

Timasewera m'holo ya sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Nchalo, masana ana akaweruka, ndipo holoyo ndi yofolera malata. Kuno kuchigwa labala wogulitsidwa payekha sindinamuonepo m'sitolo, choncho onse atatu anabwera ndi mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Mitengo yake m'makwacha sindiilemba chifukwa siikhalitsa. Aliyense akukumbukira kuti mu Novembala 2023 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu wochokera kunja amatsatira zimenezo msanga. Chimene chingathandize owerenga ndi kusiyana kwa mitengoyo: ndalama za labala mmodzi wa ku Germany zikanagula malabala anayi a ku China, pamene wachitatu, wotchedwa Mark V, anali pakati pa awiriwo.

Wa ku Germany ndi wa mtundu umene osewera amautcha tensor. Malabala otere anafala kuyambira mu 2008, bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse la ITTF litaletsa guluu wonunkha amene osewera ankapaka pa siponji ya kunsi kwa labala asanalowe m'masewero kuti siponjiyo ifufume ndi kukankha mpira mwamphamvu. Makampani analimbikira kupanga labala wokhala ndi mphamvu imeneyo kuchokera kufakitale, ndipo Tenergy 05 wa kampani ya Butterfly ya ku Japan, amene anatuluka chaka chomwecho, ndiye anatchuka kwambiri. Wanga sanali Tenergy koma wa kampani ina, wotsikirapo mtengo. M'miyezi yozizira anandikomera kwambiri. Mpira wobwera ndi backspin (wozungulira chobwerera m'mbuyo), umene pa labala wamba umafuna kuti munthu aweramire pansi ndi kukoka ndi thupi lonse, unkakwera ukonde ndi dzanja lokha, ndipo ndikaima patali ndi tebulo sindinkafunika kumenya mwamphamvu kuti mpira ufike kumapeto kwa mbali ya mnzanga. Vuto lake kuyambira pachiyambi linali pa mipira yaifupi, chifukwa labala wotere sadziwa kugwira mpira pang'onopang'ono: ukangokhudza pang'ono pofuna kubweza seva (mpira woyambira) yaifupi, mpira umadumpha m'mwamba ndipo mnzako amaumaliza.

Pofika kumapeto kwa Okutobala pakati pa labalayu panali pataoneka malo otuwa, pamene mpira umagunda kawirikawiri. Njira yosavuta yodziwira ngati labala watha ndi kutenga mpira ndi kuukhuta pang'onopang'ono pa nkhope yake, poyamba pafupi ndi chogwirira pamene mpira sufikapo, kenako pakati penipeni. Pafupi ndi chogwirira mpira unkakakamira, pakati unkatsetsereka. Liwiro linalipobe, chifukwa siponji inali isanafooke kwenikweni, koma liwiro lopanda kugwira mpira ndi lowopsa kwa mwini bati: mpira umachoka mothamanga koma supindika kuti ugwere patebulo, choncho umapitirira. M'mphepete namo munayamba kunyenyeka pamene bati imagunda tebulo. Pofika mu Disembala ndinamuchotsa pa bati yanga, ndipo nditafuna kumumata pa thabwa lina kuti ana a Fomu 1 aziphunzirirapo, ndinapeza kuti wafupika moti m'mbali mwa thabwa munkaoneka. Malabala okokedwa kufakitale amatero akamatulidwa, ndipo kwa sukulu imene imadalira kuti labala wa mphunzitsi adzathere m'manja mwa ophunzira, chimenecho ndi gawo la mtengo wake.

Sindikunena kuti labalayo anali woipa. Mphira amawonongeka ndi mpweya, kuwala kwa dzuwa ndi kutentha, monga momwe tayala la njinga limang'alukira likakhalitsa padzuwa ngakhale silikuyenda, ndipo kuno kutentha kumapitirira madigiri 40 masiku ambiri mvula isanayambe. Pansi pa malata masana kumaposa pamenepo. Wosewera wa ku Zomba kapena ku Dedza akhoza kupeza miyezi yochulukirapo pa labala yemweyo, ndipo ndi chifukwa chake malangizo a anzathu a kumtunda ndimawamva mosamala ndisanawatsatire.

Mark V wa kampani ya Yasaka ndi labala wakale kwambiri. Anatuluka mu 1969, ndipo Stellan Bengtsson wa ku Sweden ankasewera naye pamene anapambana mpikisano wa dziko lonse ku Nagoya mu 1971. Kuyambira nthawi imeneyo mpira wasintha kawiri: mu 2000 unakula kuchoka pa mamilimita 38 kufika pa 40, ndipo mu 2014 unayamba kupangidwa ndi pulasitiki m'malo mwa celluloid. Kusintha konseku kunachepetsa liwiro ndi kuzungulira kwa mpira, choncho labala amene kale ankaonedwa ngati waukali lero amamveka wofatsa. Ndikaima patali ndi tebulo ndiyenera kugwiritsa ntchito mwendo ndi chiuno kuti mpira ukhale ndi mphamvu, ndipo wachinyamata wokhala ndi tensor watsopano amandiposa pomenyana mipira yaitali. Koma labalayu lero akuchita pafupifupi zimene ankachita mu Juni. Kuwala kwa nkhope yake kwachepa, ndipo mpira ukaukhuta pakati sukakamira monga kale, komabe kusinthako kwabwera pang'onopang'ono moti dzanja lazolowera popanda kuzindikira. Pa backhand (kumenya ndi mbali ya kumbuyo kwa dzanja), pamene ntchito yanga yambiri ndi kutchinga mipira yamphamvu ndi kuika mpira pamalo amene ndikufuna, sindinapezebe chifukwa chomusinthira.

Wa ku China ndiye wandipatsa zambiri zoganizira. Malabala a kumeneko ambiri amakhala ndi nkhope yomata, moti watsopano ukamukanikiza pa mpira amaunyamula, ndipo siponji yake imakhala yolimba. Wotchuka wa mtundu umenewu ndi Hurricane 3 wa kampani ya DHS, amene katswiri wa ku China Ma Long ankasewera naye pa forehand (kumenya ndi mbali ya chikhatho), ngakhale kuti akatswiri a timu ya dziko la China amapatsidwa osankhidwa mwapadera, osafanana ndi a m'sitolo. Wanga anali wa kampani ina, wotchipa kwambiri. Sabata zoyambirira anali wouma ndi wochedwa, moti ophunzira ena ankati ali ngati thabwa lopanda kanthu, koma siponji itafewa pang'ono anayamba kuonetsa ubwino wake. Pa seva ndi pa mipira yaifupi palibe mwa atatuwo amene amamuposa, chifukwa mpira umakhala pansi ndipo umazungulira kwambiri. Pa topspin (kuzungulitsa mpira chopita kutsogolo) amafuna munthu wopukuta mpira ndi mkono wonse. Waulesi amaponyera mu ukonde. Ine ndimaona kuti kwa wophunzira wa msinkhu wa Fomu 3 chimenechi ndi chabwino, chifukwa labala amene salekerera kamenyedwe kolakwika amaphunzitsa mwana kuyendetsa miyendo, ngakhale kuti kwa ana aang'ono kulemera kwake kumatopetsa dzanja msanga.

Adani ake ndi awiri, ndipo onse ndi a kuno kwathu. Woyamba ndi fumbi. Kuyambira Julayi mpaka mvula yoyamba, mpira ukagwa pansi umatola fumbi ndi kulisiya pa nkhope yomata ija, ndipo nyengo yodula nzimbe phulusa la masamba owotchedwa m'minda limalowanso m'holo. Masewero awiri asanathe labala amakhala atasiya kumata. Chosangalatsa n'chakuti kumatako sikutha: ukapukuta ndi dontho la madzi kumabwerera, pamene malo otuwa a tensor uja sankabwerera ngakhale utapukuta bwanji. Mdani wachiwiri ndi chinyezi. Mu Januwale ndi Febuluwale, makamaka madzulo kukagwa mvula, nkhope ya labala imagwira kanthunzi kosaoneka ndipo mpira umangotsetsereka n'kugwa pansi ngakhale wamenya bwino. Malabala onse amavutika ndi zimenezi, koma womata amavutika kwambiri chifukwa mphamvu yake yonse ili pa nkhope, osati m'siponji. Masiku otero ndimatembenuza bati ndi kusewera ndi Mark V mbali ya forehand, ndipo ndimasunga kansalu kouma m'thumba kopukutira mpira ndi labala yemwe.

Pa nkhani yopukutayi pali chinthu chimene anthu a kumtunda sangachiganizire. Mijigo yambiri ya m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi amchere, ndipo madzi otere akauma pa labala amasiya kautoto koyera kamene kamachepetsa kugwira kwa mpira. Ndimasunga kabotolo ka madzi a mvula ka ntchito imeneyi yokha. Ndikapukuta ndimadikira kuti aume, kenako ndimaphimba ndi pepala la pulasitiki loyera bwino, ndipo bati imagona m'nyumba ya udzu kapena pansi pa bedi, osati m'kabati ya muholo. Sopo sindigwiritsa ntchito. Zimenezi sizifuna ndalama, koma ndaona kuti bati ya wophunzira amene amaziiwala imatha chaka chisanafike pakati.

Guluu nayenso ndi gawo la mtengo. Kuno kumene njinga zili paliponse, yesero lalikulu ndi kutenga guluu womatira chubu, ndipo amagwiradi, komanso amafufumitsa siponji kwa maola ochepa moti bati imamveka yatsopano. Koma guluu wa fungo loterolo ndi wa mtundu womwe unaletsedwa uja, ndipo wophunzira amene akukonzekera mipikisano ya ku Blantyre asazolowere bati imene singaloledwe pamalo amene malamulo amatsatidwa mokwanira. Kufufuma ndi kuphwa kobwerezabwereza kumafooketsanso siponji. Guluu womatira nsapato ndiye woipitsitsa, chifukwa pomatula amachotsa timizere ta thabwa. Guluu wa madzi wopangidwira mabati ndi wokwera mtengo pogula koma kabotolo kamodzi kamamata mabati ambiri, kungoti m'nyengo yotentha amauma msanga kwambiri, choncho ndi bwino kumata m'mawa dzuwa lisanakwere.

Ndikagawa ndalama zimene ndinalipira ndi miyezi imene labala aliyense wagwira ntchito yokhutiritsa, tensor watuluka wokwera mtengo kuposa momwe ankaonekera pogula, pakuti wotchipa kanayi uja akadali pa bati pamene iye anachoka kale. Komabe sindingamuletse aliyense. Mnyamata kapena mtsikana amene kamenyedwe kake kakhazikika, amene akupita ku mpikisano waukulu, ali ndi chifukwa chomata tensor sabata ziwiri kapena zitatu mpikisanowo usanafike, podziwa kuti akugula liwiro la nyengo imodzi. Amene ndikuwaletsa ndi makolo ndi aphunzitsi anzanga amene amaganiza kuti kugulira woyamba kumene labala wa akatswiri ndiko kumuthandiza. Mwana wotero amafunika siponji ya mamilimita 1.8 kapena 2.0, osati yokhuthala kwambiri imene imafikitsa labala yense pa malire a mamilimita pafupifupi 4 amene malamulo amalola.

Potuma munthu kukagula, muuzeni aone chizindikiro cha ITTF chodindidwa m'munsi mwa labala, pamodzi ndi dzina la kampani, ndipo podula musachotse mbali imeneyo chifukwa ndi imene woyimbira masewero amayang'ana. Mbali imodzi ya bati iyenera kukhala yakuda. Inayo kale inkayenera kukhala yofiira, koma kuyambira mu Okutobala 2021 mitundu ina monga yobiriwira ndi yapinki inaloledwa. Labala wa dzina lalikulu wogulitsidwa pa mtengo wa labala wamba muzimukayikira, chifukwa achinyengo alipo ambiri. Ulendo uno mlamu ndamutuma labala wakuda wa ku China ndi Mark V wofiira mmodzi wa mamilimita 2.0. Iye anafuna kundigulira ambiri nthawi imodzi kuti ndisamuvutitsenso chaka chamawa, koma ndinakana, chifukwa m'kutentha kwa kuno labala amakalamba ngakhale ali m'paketi yake yosatsegula.